Sakhwi ndi Ndowe za Njati

Njala ya chaka chimenecho idalowa ngakhale m'nkhokwe za anthu osamala. Pamudzi pa aNazimbiri, nungu wamasiye, padali akamwini awiri: Nguluwe, amene adakwatira mwana wamkulu, ndi Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali, amene adatenga wamng'ono. ANazimbiri adawagawira minda yoyandikana nanena kuti woyamba kudzaza nkhokwe adzamulola chitengwa, apite ndi mkazi kwawo. Winayo adzakalamba akulimira apongozi.

Sakhwi adali waukhondo wonyanya. Tsamba likagwa m'munda mwake ankalisesa, mapesi ankatentha, munda n'kumaoneka ngati bwalo la ukwati. Wa Nguluwe udali ngati dzala. Koma pokolola Nguluwe adatuta madengu, pomwe chimanga cha Sakhwi chidakwana m'lichero. Njalayo akadaipirira. Chidamudya mtima n'chakuti apongozi ankatchula Nguluwe kuti "bambo a kunyumba yaikulu", iye n'kumangoti "uja wa mphuno".

Chilimwe chitafika, Sakhwi ankadikira masana, Nguluwe akagona m'matope, n'kumatutira masamba, makoko a mtedza ndi phulusa m'munda wa mnzakeyo. Ankati mbewu zitsamwe, apongozi aone uve wa mkamwini wawo wokondedwa. Ataona kuti sizikukwanira, adatsikira kudambo kwa Njati nagwada mwaulemu.

"Amalume, sindine wamiseche ine. Koma achimwene a Nguluwe akuuza anthu kuti ndowe zanu n'zochepa ngati za gwape."

Njati adafwenthera, nasonkhanitsa abale ake onse, nakadzaza ndowe m'munda wa Nguluwe mpaka adatsimikiza kuti bodzalo latha. Nguluwe adalira poona mundawo. Sakhwi adabwera kudzamupepesa, mchira ukunjenjemera ndi chimwemwe.

Koma pansi padali antchito omwe Sakhwi sadawawerengere. Chiswe chidakokera masamba aja m'nthaka, nyongolotsi zidameza zoola n'kuzilavula dothi lakuda. Mvula itagwa, chimanga cha Nguluwe chidakula chobereka ana awiriawiri. Nguluwe akadapanda kususuka ndi mondokwa, nkhokwe ikadadzaza. Idatsala pang'ono chabe, chitengwa n'kudikira chaka china.

Sakhwi adaonda ndi nsanje. Tsiku lina ali kuseri kwa mpanda, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, adamva aNazimbiri akuuza ana awo kuti munda uli ndi mimba, umabereka chomwe wadyetsedwa. Pamenepo adadziluma lilime. Chaka chonse adakhala akuphikira mdani wake!

Adabwereranso kwa Njati ndi bodza lomwe lija, ataliwonjezera mchere, ndipo njati zidagwira ntchito yoposa poyamba m'munda wa Nguluwe. Kenaka adakaima pachulu pomwe Nguluwe ankamuona bwino.

"Achimwene, njatizo ndimaziitana ndine. Zinyalala zija ndinenso."

Nguluwe adatulutsa mano nati amuphwanya.

"Kundigwira simungathe, mukudziwa. Ndikadaopa mukadakhala ndi msana wondibwezera zonyansazi, koma msana wanuwo udathera m'matope."

Nguluwe adazika mphuno pansi nayamba kukankha. Ndowe, masamba oola, ngakhale dothi lakuda lomwe, zonse adaziunjika m'munda wa Sakhwi, nazifotsera ndi ukali kuti asathe kuzisesa. Kwake kudatsala katondo wofiira, wosalala ngati mbale. Sakhwi ankalira mokweza pachulu paja, misozi yake ili ya kuseka.

Chaka chimenecho nkhokwe ya Sakhwi idadzaza mpaka denga lidakana kukhala. Ya Nguluwe munkalowa nkhuku n'kutuluka ndi njala. Sakhwi adalephera kusunga chinsinsi, poti nzeru yosayamikiridwa imayabwa. Adaulula kwa mkazi wake, ndipo mkaziyo, monga mwana woleredwa bwino, adakazitula kwa amake pamtondo.

Tsiku lopempha chitengwa Sakhwi adakhala panja pa mpanda, aNazimbiri mkati, atamufulatira mwa mwambo. ANazimbiri adayamba ndi kuyamika chimanga, kenaka adafunsa chomwe chidadya kuti chinenepe chotere. Sakhwi adati manyowa. Adafunsa amene adawasenza. Sakhwi adatsokomola nati achimwene adathandizako pang'ono.

"Ndowezo zidali zanu, apongozi?"

"Za amalume a Njati, mayi."

"Njati adadya udzu. Udzuwo ndi wa m'dambo langa, ndipo udakula ndi dzuwa ndi mvula, zomwe sindidakuoneni mutanyamula pobwera kudzakwatira. Amene adaphika manyowawo ndi chiswe ndi nyongolotsi. Tsono m'nkhokwemu chanu n'chiti?"

Sakhwi adaganiza, mphuno ikugwedera uku ndi uku. "Nzeru, mayi."

"Nzeru zanuzo tengani, mupite nazo chitengwa. Mwana wanga atsala."

Adagamula kuti nkhokwe idadzazidwa ndi msana wa Nguluwe, choncho ndiye amuke ndi mkazi wake. Sakhwi adapempha kuti ampatseko mapesi okha akawotche. ANazimbiri adakana, nati mapesiwo ali ndi mwini wake kale: nthaka idabwereketsa, iyenera kulandira zake, apo ayi chaka chamawa idzakana kubwereketsanso.

Nguluwe adanyamuka ndi mkazi wake m'mawa mwake. Mpaka lero akalowa m'munda wa munthu amafukula ndi mphuno, kufunafuna dothi lake lija. Sakhwi adatsala pachikamwini. Munda sausesanso, adaphunzira, koma dzanja lozolowera tsache silimva, ndiye amasesa tinjira take ta m'thengo. Mukamuona akuthamanga m'menemo, mphuno ili m'mwamba, musaganize kuti akusaka chakudya. Akununkhiza ngati kwa mnzake kwapsa zonona kuposa kwake.