Masipuling'i Olimba a Abwato

M'galaja ya kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wa masamu munkagona galimoto yofiira ya mipando iwiri, yotsika ngati ikununkhiza pansi, yakale kuposa mphunzitsiyo. Inali ya bambo ake. Maso atayamba kuchita chifunga, bambowo anapereka makiyi ndi pempho limodzi lokha: Lamlungu lililonse masana azidzawatenga kuti akapitidweko mphepo cha kumlatho. Akazi awo anali atatsogola kale, anzawo nawonso atatha mmodzimmodzi. Sabata yonse ankangokhalira kudikira ulendo umenewo.

Kenako mphunzitsiyo analowa gulu la eni magalimoto akale. Tsiku lina akukhota pakona, galimotoyo inapendekeka monga mwa chizolowezi chake, anzakewo n'kufa nazo kuseka.

"Aphunzitsi, imeneyi ndi galimoto kapena bwato?"

Dzina la Abwato linamumatirira pomwepo, ndipo linamuwawa ngati munga wa m'nsapato. Lolemba m'mawa anali kale kwa makaniko.

"Ndikufuna masipuling'i olimba, a magalimoto ampikisano aja. Isamandigwadirenso pakona."

Makanikoyo anapukuta manja pa ovolosi. "Amenewo ndi a pamsewu wosalala ngati tebulo, bwana. Kuno kuli maenje ndi mahampu. Sipuling'i ikakana kupindika, umapindika ndi msana wa munthu. Madala mumayenda nawo aja mwawafunsa?"

"Ndabwera kwa makaniko kapena kwa dokotala wa mafupa? Mangani."

"Nanga akalewa muwatenga?"

"Apatseni ogula zitsulo."

Zinthu zina zimanyansa ndithu. Munthu wophunzitsa ana a eni kuwerengetsera analephera kuwerengetsera msana wa bambo ake omubereka!

Lamlungu bambowo anatuluka atavala jekete lawo lapaulendo, n'kulowa pang'onopang'ono. Pahampu yoyamba galimoto inadumpha ngati ngolo yopanda katundu. Iwo anagwira chitseko mwamphamvu, mano atalumana.

"Wayichita chiyani galimotoyi, mwanawe?"

"Ndayikonza, ababa. Taonani pakonapa, ikungoima njii!"

"Ooh," anatero bambowo.

Lamlungu lotsatira anati ali ndi chimfine. Linalo anati akudikira alendo, chonsecho pakhomo pawo alendo anasiya kalekale kufika. Mphunzitsiyo anapsa mtima, nati mdala wakwiya chifukwa galimoto yachoka m'manja mwake. Anasiya kupitako. Anzake a m'gulu aja anayamikira masipuling'iwo tsiku limodzi, n'kuyamba kuseka galimoto ya munthu wina. Dzina la Abwato silinachoke n'komwe. Ankangozungulira yekha m'misewu, makiyi akulira ngwerengwere pa bampu iliyonse, kapilo ka bambo ake kakudumphadumpha pampando wopanda munthu.

Patatha miyezi inayi mlongo wake anamupeza m'galajamo akupukuta galimoto.

"Achimwene, mumapukuta chitsulo, bambo anu mumawasiyira ndani? Tsiku lija munawagwedeza anagona masiku atatu osatembenuka. Anandiletsa kukuuzani, akuti mungakhumudwe poti mwaikonda. Koma Lamlungu lililonse amavalabe jekete, n'kukhala pawindo."

"Amavaliranji poti amakana kukwera?"

"Amati mwina mubwera wapansi."

Kansalu kopukutira kanamupulumuka m'manja. Anathamangira kwa makaniko uja, koma masipuling'i akale anali atapita kale kosungunula zitsulo. Ofewa a galimoto yakale choncho sapezeka pashelefu. Anachita kuitanitsa kutali, ndipo anatenga miyezi iwiri. M'malo mopita wapansi monga bambo ake ankayembekezera, iye anachita manyazi, nati akaonekera galimoto itakonzeka.

Tsikulo litakwana anaimika galimoto pakhomo, n'kutsegula chitseko. Bambo ake anatuluka ndi jekete lomwe lija, koma tsopano ali ndi ndodo ziwiri, mlongo wake atawagwira m'khwapa. Anayesa kuwerama kuti alowe. Mawondo anakana, msana unakana. Anayesanso, thukuta lili kamukamu, mpando uja uli pansi kwambiri ngati m'chitsime.

"Pepani, ababa," anatero mphunzitsiyo.

Bambowo anatsamira pa boneti n'kukanikiza ndi dzanja. Galimoto inatsika mofewa, n'kubwerera mwakachetechete.

"Eya, ndi imeneyi," anatero akumwetulira. "Pita, mwanawe. Ukadzandiuze ngati mitengo ya kumlatho ija inakalipo."

Anapita yekha. Galimoto inkayandama bwinobwino pa mahampu onse, kapilo kaja kali phee pamalo pake. Pochoka paja, atasuzumira pagalasi, anaona bambo ake akukwera masitepe kubwerera kuwindo lawo, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina.

Akuluakulu sananame: madzi akatayika saoleka.