Dzina Lofiira pa Sikirini

Bwana Kamtedza, mkulu wa kampani ina ya feteleza, anaitana Nasimango, wopanga mapulogalamu a pakompyuta.

"Mafayilo akuchedwa muno! Undipangire sikirini yoonetsa dzina la wochedwetsayo m'zilembo zofiira, aliyense aone. Ameneyo ndimuchotsa ntchito. Ukakana, uyamba ndiwe."

"Chabwino bwana. Iziwerenga masiku amene fayilo yagona kwa munthu?"

"Eya, osakondera!"

Lolemba antchito onse anasonkhana, mitima ili m'mwamba. Bwana anadina okha batani. Sikirini inayaka kuti psuu: KAMTEDZA, MAFAYILO 46, MASIKU 90.



"Chawonongeka chimenechi!" anakuwa bwanawo.

"Ndikhoza kuchikonza, bwana," anatero Nasimango mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Kungoti pempho lokonzera liyenera kudzera kwa inu. Likhala fayilo ya nambala 47."