Ng'ombe za Olemekezeka a Bentancor

Pakhomo pa a Heraclio Bentancor, phungu wa nyumba ya malamulo ku Montevideo, tsiku lililonse linkayamba mofanana. Mayi Zulma ankathira madzi otentha m'masamba a mate, tiyi wa kumeneko, amuna awo ali kalikiliki kudyetsa ng'ombe. Ng'ombezo zinalipo mazana anayi, zonse za mufoni, m'masewero a pa intaneti amene bamboyo anawakakamira zaka zisanu ndi zinayi. Ng'ombe yeniyeni ankangokumana nayo Lamlungu, itawotchedwa kale.

Chaka china phungu wina wachitsikana, Maite Larrosa, anabweretsa bilu yoti kampani ikafuna kutseka masewero amene anthu anagula, izisiya njira yoti ogulawo azisewerabe pa makina awoawo. A Bentancor analibe chifukwa ndi biluyo. Chifukwa anali nacho ndi Maite, amene tsiku lina anawakonza atalakwitsa chaka cha lamulo lina, atolankhani ali pomwepo.

"Madala, biluyo mwaiwerenga koma?" anafunsa Zulma. "Ikukamba za khola lanulotu."

"Zanga ndinagula. Batani analemba kuti 'gula', ndipo ndinadina ndi chala changachi. Zaka makumi atatu ndili m'malamulo, mwana wa dzulodzuloyu andiphunzitse mawu?"

"Imwani mate, akuzizira."

Mu komiti analankhula ola lathunthu, chifuwa chili patsogolo ngati tambala wa pa msika. Anati boma si mlezi wa zidole. Nthumwi ya makampani inagwedeza mutu movomereza mpaka khosi linachita dzanzi. Biluyo inagwa ndi voti imodzi, yawoyo.

Patatha miyezi iwiri foni inalira m'mawa. Unali uthenga: kampani ya masewero aja inkathokoza alimi ake onse chifukwa cha chikondi chawo, n'kuwadziwitsa kuti masewerowo atsekedwa kumapeto kwa mwezi.

A Bentancor anavala suti ya pa zikondwerero, ulendo ku ofesi yoteteza ogula. Mayi wa pa desiki anawerenga mgwirizano wonse modekha.

"Olemekezeka, apa akuti munagula chilolezo choona ng'ombezo. Ng'ombe n'zawo."

"Nanga lamulo likuti chiyani?"

"Lamulo lake linafera mu komiti. Akuti panali bambo wina wake analankhula motalika."

A Bentancor anayang'ana kudenga. "Alipodi anthu otero," anatero.

Mawa lake anameza malovu n'kugogoda pa ofesi ya Maite.

"Mwana wanga, bilu ija tiibwezeretse. Pali ena kudera kwanga amene akhudzidwa kwambiri."

"Angati, olemekezeka?"

"Mazana anayi."

"Abwere adzapereke umboni."

"Savomera kulankhula pagulu."

Maite anatsegula kalendala, n'kunena mwaulemu kuti mpata woyamba upezeka chaka chamawa.

Tsiku lomaliza a Bentancor anatumiza uthenga kuntchito kuti akudwala. Anakhala pakhonde akudyetsa ziwetozo imodziimodzi, iliyonse akuitchula dzina. Nthawi itakwana 12 koloko masana, foni inangoti mbee. Anaigwedeza, anaizimitsa, anaiyatsanso. Khola linali litapita.

Zulma anasuzumira pa phewa lawo.

"Mukanapha imodzi dzulo, madala, bwenzi titaitana ana."

Bamboyo anangokhala akuyang'ana chala chawo chija. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.