Ndodo Yowedzera ya a Mkanthama

Lero ndi Lachinayi, pa 13 Malichi, chaka cha 2025. Nkhani iyi ndaimva m'mawa uno pa chigayo cha kwathu, pamene magetsi anazima ndipo tonse tinakhala pakhonde kudikira. Amene anaikamba ndi a Chatepa, okonza njinga. Amene analipo ndi awa: mayi Nangondo, ogulitsa zitumbuwa, a Sipiliyano, oyendetsa chigayo, mayi Nasibeko ndi khanda lawo kumsana, ndi ine Esinati, amene ndinatumidwa kukagayitsa chimanga. Ine sindinayankhulepo. Ndinangomvetsera, ndipo ndailemba monga momwe ndinaimvera.

Kalekale, m'mbali mwa mtsinje wina waukulu umene umatsikira kunyanja, munali bambo wina dzina lawo a Mkanthama. Ntchito yawo inali yoperekeza alendo obwera kudzawedza nsomba. Alendowa sankawedza chifukwa cha njala ayi, koma pofuna kusangalala. Ankabwera kumapeto kwa dzinja, nthawi imene mpasa zimachoka kunyanja ndi kukwera mtsinje kukaikira mazira. Mlendo akakola mpasa ankalimbana nayo mpaka itatopa, kenako ankaijambula ndi kuibwezera m'madzi ili yamoyo.

Anthu a m'mudzi ankaseka kwambiri. "A Mkanthama, ndiwo za lero ndi chithunzi?" ankatero. "Mukachikazinga mutigawireko kumchirako!"

A Mkanthama ankangoyankha kuti, "Milamba idyani, matemba idyani. Koma mpasa ya mazira ndi nkhokwe yoyenda m'madzi. Munthu satentha nkhokwe kuti aotche chimanga chimodzi."

Chuma chawo chonse chinali ndodo yowedzera imene mlendo wina wokalamba anawasiyira. Inali ya zidutswa ziwiri zolumikiza, ndipo kuchigwiriro kwake kunali kagudumu kokulungira chingwe. Alendo akafika ankafunsa munthu wa ndodo ija. Ndodo imeneyo ndiyo inalera ana awo atatu amayi awo atamwalira. Woyamba anali wamkazi, dzina lake Mwandida. Wachiwiri anali Yotamu, amene anakwatira m'mudzi woyandikana nawo. Wotsiriza anali Sautso, mnyamata wofatsa amene ankaopa madzi akuya kuyambira tsiku limene anaona ng'ona ikugwira mbuzi padooko ali wamng'ono.

Chaka china a Mkanthama anagwa ali kumunda. Pamene anatsitsimuka, dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitafa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala ndi kuuza anawo kuti, "Bambo anu angathe kukhala ndi moyo, koma azidya." Atabwerera kunyumba, a Mkanthama anakana chakudya. Akaona mbale ankatembenukira kukhoma. Thupi linayamba kutha, maso n'kulowa m'kati.

"Bambo, supuni imodzi yokha," Mwandida anawachonderera atagwada ndi phala m'manja.

"Ndidye kuti ndikachite chiyani, mwana wanga?" iwo anatero. "Mpasa zakwera, ndikuzimva m'mafupa muno. Munthu amene sadzamvanso mpasa ikukoka m'dzanja lake anafa kale. Chatsala ndi kukumba basi."

Ana atatuwo anatuluka panja ndi kuyang'anana. Anagwirizana kuti bambo awo akamve mpasa ikukoka, zivute zitani.

Mwandida anatsegula chitini chimene a Mkanthama ankasungiramo nyambo. Mpasa imathamangira kachitsulo konyezimira poyesa ndi usipa. Koma denga linali litadonthera m'chitinimo, ndipo tizitsulo tonse tinali titadyeka ndi dzimbiri. Mwandida anayang'ana pamkono pake. Panali chibangiri chamkuwa chimene amayi ake anamuveka akumwalira, chomwenso a Mkanthama anawagulira amayiwo pa nthawi ya chibwenzi. Chinthu china cha amayi ake analibe. Anachivula, n'kupita nacho kuseri kwa khola kumene munthu sakanamuona. Anachidula, kuchisula pamwala, kuchipinda ngati thupi la usipa, ndi kuchikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka chinawala. Luso limeneli analiphunzira poonerera chapatali, pakuti bambo ake ankati mtsikana sawedza. Atatha anamangirira mbedza, n'kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Yotamu anayang'ana njira. Malo amene mpasa zinkapumira ankatchedwa Dziwe la Mkuyu, ndipo kunali kutali. Njira yake inali ya matope ndi miyala, yosadutsika ndi njinga kapena ngolo. Nthawi imeneyo chimanga chake chinali chitakhwima, ndipo anyani a m'nkhalango ankangodikira kuti mlonda achoke.

"Mukachoka pamundapo lero, ana adzadya chiyani chaka chino?" mkazi wake anamufunsa. "Adzadya msana wanuwo?"

"Chimanga chimadzalidwanso," Yotamu anayankha. "Bambo sadzalidwa."

Anabwereka chitenje cha mkazi wakeyo, n'kumangirira bambo ake kumsana ngati khanda.

"Nditsitse iwe! Anthu andiona bwanji?" a Mkanthama anakalipa.

"Akuonani muli pamwamba. Gwirani khosi, Bambo, muleke kundilankhulira m'khutu."

Anayenda nawo m'matope ofika m'mawondo. Potsika chigwa anaterereka, ndipo pokana kugwetsa bambo ake anagwera bondo pamwala. Magazi anayenderera mpaka kuchidendene, koma sanawatsitse kufikira atafika pansi pa mkuyu uja.

Padziwepo Yotamu anakhala pathanthwe, n'kukhazika bambo ake pakati pa miyendo yake atawagwira m'chiuno. Mwandida anawapatsa ndodo kudzanja lamoyo. A Mkanthama ataona nyambo ija anaitembenuza ndi chala. Panali timizere titatu timene iwo eni anajambula ndi msomali pachibangiri chija ali mnyamata. Anayang'ana pamkono pa mwana wawo, ndipo Mwandida anabisa dzanja kumbuyo.

Popeza munthu wa dzanja limodzi sangaponye chingwe ndi kupukusa kagudumu, Mwandida ndiye ankaponya ndi kupukusa, bambo ake atangogwira ndodo. Dzuwa linakwera mpaka pamutu osakola kanthu. Kenako ndodo inapindika mwadzidzidzi, kagudumu n'kuyamba kulira.

"Usakoke! Ilekere ithamange!" a Mkanthama anafuula ndi mawu amene ana awo anali atawaiwala. "Tsopano kulunga! Pang'onopang'ono, mayi iwe, si mtondo uwu!"

Mpasa inalumpha, n'kung'anima ngati khasu latsopano. Koma inali yochenjera. Inathawira pansi pa mtengo umene unagwera m'dziwemo, ndipo chingwe chinakodwa m'nthambi. Ndodo inangoti zii. Nkhope ya a Mkanthama inayamba kuzima ngati nyali yotha mafuta.

"Basi, ana anga," anatero. "Dulani chingwe. Ndibwezereni kumphasa kwanga."

Yotamu sakanatha kuwasiya, chifukwa akanagwera m'madzi. Mwandida sakanatha kusiya kagudumu. Panatsala Sautso. Aliyense ankadziwa kuti m'Dziwe la Mkuyu mumakhala ng'ona, ndipo mapazi ake ankaoneka pamchenga wa kutsidya. Sautso anayang'ana mapaziwo. Anavula malaya.

"Sautso, bwerera! Ndati bwerera!" bambo ake anakuwa.

Iye sanacheuke. Analowa m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kumira motsata chingwe ndi dzanja. Anavuuka kukapuma, n'kumiranso. Kutsidya bango linagwedezeka, ndipo chinthu cholemera chinatsetserekera m'madzi. Mwandida anayamba kupemphera mokweza. Pomwepo chingwe chinamasuka, ndodo n'kukhalanso yamoyo, ndipo Sautso anatuluka akukwawa, nkhope yonse itakalika ndi nthambi. Mpasa itatopa, iye yemweyo anaifungatira m'madzi osaya ndi kuisendeza pafupi ndi thanthwe.

A Mkanthama anaisisita pamsana ndi dzanja lawo limodzilo, misozi ikugwera pamamba ake. Kenako ananena mawu amene ana awo ankawadikira.

"Ana inu, ndamva njala."

Yotamu anasolola mpeni m'thumba mwachangu. "Bwera nayo kuno, Sautso. Achemwali, tolani nkhuni!"

Koma Sautso anali atagwira mimba ya nsombayo. "Bambo," anatero motsitsa mawu, "ndi ya mazira."

A Mkanthama anatsinzina. Sananene kuti ipheni, sananenenso kuti ilekeni. Sautso anadikira pang'ono. Kenako anakolola mbedza, n'kuigwira nsombayo moyang'anitsa kumene madzi akuchokera monga ankachitira bambo ake, ndipo itapeza mphamvu anatambasula manja. Mpasa inapita.

"Wapenga kodi?" Yotamu anakalipa. "Munthu wakhala osadya mpaka nthiti kuwerengeka, lero watchula njala, iwe n'kutaya ndiwo m'madzi! Akafera panjira udzawauza chiyani anthu?"

"Achimwene, akanaidya lero, mawa akanadzida okha," Sautso anayankha. "Akanatembenukiranso kukhoma."

"Wadziwa bwanji? Unalowa mumtima mwawo?"

Sautso anatola malaya ake n'kuvala. Mpaka lero palibe amene akudziwa ngati a Mkanthama anakondwa kapena anadandaula.

Pobwerera anadzera kumunda kwa Yotamu. Anyani anali atachita zofuna zawo. Mapesi anali lambalamba, zitsononkho zili mbwee. Yotamu anaima pakati pa munda, bambo ake ali kumsana. Mwandida anafufuza m'mizere mpaka anapeza chimanga chochepa chimene anyani anachiphonya. Anasonkha moto pamsasa wa mlonda ndi kuotcha. A Mkanthama anadya chimodzi chonse, n'kupempha china. M'mawa mwake anamwa phala. Patapita nthawi anayamba kuyenda ndi ndodo yoyendera, koma dzanja lija silinadzukenso.

Dzinja lotsatira likupita kumapeto, alendo anatumiza uthenga wofunsa ngati munthu wa ndodo ija alipo. A Mkanthama anaitana ana awo, ndodo yowedzera ili pamiyendo.

"Ine ntchito yandithera," anatero. "Ndodo iyi imagawika patatu: chakumutu, chakuchigwiriro, ndi kagudumu. Koma chidutswa sichikola nsomba. Kubwerekana nakonso ndakana, chifukwa chinthu cha anthu atatu chimagona panja. Alendo amafuna munthu mmodzi womudziwa dzina. Nonse munandibwezera moyo. Tandiuzani, ndipatse yani?"

Yotamu anayamba. "Bambo, sindikufuna kudzitama. Koma popanda msana wanga simukanafika kudziwe. Bondoli limandipwetekabe, ndipo chaka chino ana anga akudyera maganyu. Kuchikamwini kuja amanditcha mlimi wa anyani."

Mwandida anayang'ana pansi. "Ine munda ndilibe woti ndinene kuti unatha. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha cha Amayi, ndipo chili apo pambedzapo. Chimanga cha achimwene chidzameranso, koma chibangiri sichimera. Munkati mtsikana sawedza, Bambo. Tsiku lija ankapukusa ndani?"

"Nanga iwe, Sautso?"

Sautso anakanda pansi ndi chala chakuphazi. "Ine madzi ndimawaopabe, Bambo. Sindikudziwanso ngati ndinachita bwino kuibweza nsomba ija. Ndinangoganiza kuti mukachira mudzafuna kumva kuti mumtsinje mukadali mpasa."

A Mkanthama anayang'ana Yotamu, n'kukumbukira magazi a pabondo ndi adzukulu awo anjala. Anayang'ana Mwandida, n'kuona mkono wopanda chibangiri. Anayang'ana Sautso, n'kumva m'makutu mwawo bango lija likugwedezeka. Anakweza ndodo kuti apereke, koma dzanja linaima m'malere.

A Chatepa analekezera pamenepa.

"Apatseni Yotamu!" a Sipiliyano anatero. "Munthu ali ndi ana. Anawo adya chisoni?"

"Inu amuna mumangoona msana," mayi Nangondo anawadula. "Mukanawanyamula mpaka kunyanja, popanda nyambo akanakola chiyani? Chitenje?"

Mayi Nasibeko anati iwo mtima wawo uli pa Sautso, chifukwa enawo anapereka zinthu koma iye anapereka thupi lake kwa ng'ona. A Sipiliyano anayankha kuti munthu wotaya ndiwo pamaso pa wodwala sayenera kupatsidwa ngakhale mbedza. Tonse tinatembenukira kwa a Chatepa kuti agamule, koma iwo anangoseka ndi kupitiriza kumata chubu. Nthawi yomweyo magetsi anayaka, chigayo chinalira, ndipo mawu a anthu sanamvekenso.

Ine ndaganiza njira yonse ufa uli pamutu, koma yankho sindinalipeze. Ndikasankha mmodzi, awiri enawo amandimvetsa chisoni. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndikupempha inu amene mukuwerenga kuti pamene ndalakwitsa kalembedwe kapena ndasokoneza mawu a akuluakulu, mundikonzere mokoma mtima. Mukatha kukonza, mundithandizenso funso limene a Chatepa anatisiyira.

Dzanja la a Mkanthama likadali m'malere. Kodi ndodo ija aipereke kwa Mwandida amene anasula chibangiri cha amayi ake, kwa Yotamu amene anataya munda atabereka bambo ake, kapena kwa Sautso amene analowa m'dziwe la ng'ona ndi kubweza mpasa ya mazira? Mukanakhala inu, mukanapatsa yani?