Nthambi Yotchinga Chisa

Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ankawatchula kuti a Buleki. Dzinali analipata chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali kukhala pampando wapambali n'kumakuwa mawu amodzimodzi: "Buleki! Buleki, mwanawe, msewu suthawa!" Aliyense amene anadutsa m'manja mwawo anatuluka akudziwa kuti phuma limapha. Koma eni akewo, akatsika m'galimotomo, ankalephera ngakhale kudikira kuti tiyi azizire.

Kunyumba kwawo kunali zii chiyambire pamene akazi awo anadwala matenda ofa ziwalo. Mayiwo anali telala. Tsopano makina awo osokera anali pakona ataphimbidwa ndi nsalu, pamwamba pake patandandalika mabotolo a mankhwala. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo unkachita kukokedwa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wouma. Kuchipatala anawapatsa ndodo kuti aziyesera kuyenda, koma ndodoyo inangotsamira khoma ngati mlendo wosowa womulonjera.

M'mawa uliwonse a Buleki ankawakhazika pampando wapazenera, kuwaikira pilo kumsana, n'kupita kuntchito. Mng'ono wa mayiwo ankabwera masana kudzawadyetsa n'kubwerera. Nthawi ina yonseyo mayiwo ankakhala ndi mtengo wa mandimu umene unali kunja kwa zeneralo. M'katikati mwa masamba ake apumbwa awiri anali atamanga chisa, ndipo panali kampata kakang'ono koonera chisacho munthu atakhala pampando paja.

Chisacho ndicho chinali wailesi ya mayiwo. A Buleki akabwera madzulo, asanavule n'komwe nsapato, ankalandira nkhani.

"Aswa," anatero mayiwo tsiku lina.

"Onse atatu?"

"Onse. Osusuka... ngati inu."

Ndipo mayiwo anaseka. Kanali koyamba kuseka m'miyezi isanu ndi iwiri. Kenako analoza ndodo ija ndi chibwano.

"Tsiku louluka... iwowa... nanenso ndiyenda. Mpaka pamtengopo."

A Buleki anatuluka panja ngati akukaona matayala a galimoto, kuti akazi awo asaone kuti maso anyowa.

Tsono bambowa anali ndi kamera. Anaigula yakale kwa mnzawo pamene matenda anawamangirira pakhomo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo analowa gulu lapafoni la anthu okonda kujambula mbalame. Anthu makumi anayi ankatumizirana zithunzi n'kumadzudzulana, ndipo pakutha pa mwezi ankasankha chimodzi kuti chikhale nkhope ya gululo. Panalibe mphotho, ngakhale sopo. Koma miyezi yonseyi inali itatha chithunzi cha a Buleki chisanasankhidwepo, ndipo nkhaniyo inkawadya ngati chiswe.

Mkulu wa gululo anali mayi wina amene onse ankamutchula kuti a Nesi, wopuma pantchito, amene anayamba kujambula mbalame ena m'gululo asanabadwe. Lilime lawo linali ngati jakisoni: kupweteka linkapweteka, koma linali ndi mankhwala. Munalinso Wamagetsi, munthu amene sankatha kuona chinthu osachiseka.

Lachisanu a Buleki anatumiza chithunzi cha pumbwa akudyetsa ana. Chinali chabwino ndithu, kupatula nthambi imodzi imene inadutsa pankhope penipeni pa mbalameyo.

"Achimwene, nthambiyi mwaijambula mwaluso kwambiri," analemba Wamagetsi. "Kungoti mbalameyo yakusokonezani."

A Nesi analemba kuti: "Kuwala kuli bwino. Nthambiyo isiyeni, ndiyo denga lawo. Ana a pumbwa sachedwa m'chisa. Pakatha masiku khumi atuluka okha n'kukhala poyera, mudzawajambula mpaka chala chitatopa. Dikirani, ndipo muziima patali."

Masiku khumi! Mwezi unkatha Lachinayi. Lamlungu masana a Buleki anakhala pakompyuta n'kuyamba kufufuta nthambi ija pachithunzipo. Nthambi inachoka, koma inachoka ndi diso la mbalame lomwe. Anatenga diso pa chithunzi china n'kulimata pamenepo, nachiyang'ana, naona kuti palibe angadziwe.

Wamagetsi anadziwa pasanathe mphindi zitatu.

"Pumbwa wanuyu anachita ngozi? Diso lili pakhosi. Kapena naye anaphunzira galimoto kwa inu?"

Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala. A Nesi anangoti: "Kompyuta imapukuta fumbi, achimwene, siibereka diso. Ndinati dikirani."

Lolemba m'mawa, atawakhazika akazi awo pazenera, a Buleki anatuluka ndi sizasi yodulira maluwa. Ngati nthambi ikuvuta kuchotsa pachithunzi, ndiye ichotsedwe mumtengo momwemo. Akuyandikira mtengowo anamva galasi likugogodedwa.

"Bambo... musadule."

"Kamodzi kokha aka, mayi. Inunso muziona bwino."

"Ndikuona... kale."

Anadula imodzi. Atasuzumira m'kamera anaona kuti ina ikutchinga mchira. Anadula imeneyonso. Kenako yapamwamba inkachititsa mdima, ndiye nayo inagwa. Pofika yachisanu apumbwa aja anali akulira mozungulira mutu wawo, ndipo chisa chinali pambalambanda ngati mbale pathebulo. Anabwerera m'mbuyo n'kudikira. Patapita nthawi wamkazi analimba mtima, natera ndi kachiwala kukamwa, timilomo titatu tinayasama, ndipo kamera inalira.

Chinali chithunzi choti munthu n'kuchipachika pakhoma. Pankangooneka zitsa zoyera za nthambi zodulidwa zija, koma zimenezo a Buleki anazifufuta pakompyuta akumwa tiyi, ndipo ulendo uno dzanja silinaphonye. Anachitumiza, natsanzika akazi awo. Mayiwo sanatembenuke n'komwe. Maso awo anali panja.

Tsiku limenelo foni sinapume. "Lero ndavula chipewa," analemba Wamagetsi. "Ndikadakhala ndi ziwiri ndikadavula zonse." A Buleki ankawerenga uthenga uliwonse kawiri, mpaka mtsikana amene ankamuphunzitsa anatsala pang'ono kugunda geti iwo asanakumbukire kukuwa.

Cha m'ma leveni koloko a Nesi anaimba. Sanalembe pagulu ayi, anachita kuimba.

"Achimwene, pumbwa samanga chisa padzuwa. Dzuwali lafika bwanji pamsana pa anawa?"

"Ndi kompyuta chabe, amayi. Ndangowalitsa pang'ono."

"Ine ndasambitsa anthu akuluakulu zaka makumi atatu, palibe chimene mungandibisire. Mwadula zingati?"

A Buleki anasamutsira foni kukhutu lina, ndipo a Nesi anapitiriza.

"Mverani. Pitani kunyumba, mukamangirire nthambi zamasamba pamwamba pa chisacho. Dzuwa likapanda kuwapha, khwangwala awaona. Osati madzulo. Panopa."

"Ndamva, amayi."

Kumva anamva. Koma panali ophunzira ena awiri akudikira, ndiponso kubwerera kunyumba masana kukanakhala kuvomera pamaso pa akazi awo kuti analakwa. Anadziuza kuti mbalame zakhala zikulera ana padziko pano kalekale popanda a Nesi. Akakonza madzulo.

Madzulowo, atangolowa pageti, anaona chisa chitapendekeka. Pansi pa mtengo panali kamwana kamodzi, kopanda nthenga zokwanira, nyerere zitakakuta kale. Ena awiri panalibe. Anayang'ana pazenera. Pampando panalibe munthu.

Akazi awo anawapeza ali pansi, pakati pa mpando ndi chitseko, ndodo ili pambali. Chigongono chinali chitasupuka, magazi atauma. Mmene anawanyamula anamva kuti thupi lawo lazizira ndi simenti.

"Mayi, mwakhala pansipa nthawi yaitali bwanji? Mng'ono wanu sanabwere?"

"Anabwera. Atapita... ndi pamene."

Anafotokoza pang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe m'chitsime. Dzuwa litafika pamutu, pumbwa wamkazi uja anatambasula mapiko pamwamba pa anawo, kukamwa kuli yasa. Anakhala choncho maola awiri. Kenako panatera khwangwala pampanda.

"Ndinagogoda... galasi. Sanaope. Ndinakuwa... mawu sanatuluke. Ndiye... ndinadzuka."

A Buleki anayang'ana pansi. Kuchokera pampando kufika pamene anagwera panali mapazi anayi. Miyezi isanu ndi iwiri akuchipatala ananyengerera, abale anapemphera, ndodo ili chitsamire khoma. Mapazi anayi oyambawo anapita kwa khwangwala.

"Pepani, mayi."

"Chithunzi... chatuluka bwino?"

Sanafunse mokalipa. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Kwa masiku awiri apumbwa aja ankabwerabe ndi tizilombo kukamwa, kutera m'mphepete mwa chisa, kusuzumira, kudikira, kenako n'kumeza okha. Mayiwo anaonera zonsezo. Tsiku lachitatu m'mawa, a Buleki akuwaikira pilo kumsana, anawagwira mkono ndi dzanja lamoyo lija.

"Mpandowu... utembenuzeni."

"Uyang'ane kuti?"

"Kulikonse."

Anautembenuza, ndipo unayang'ana makina osokera.

Lachinayi gulu linasankha chithunzi cha a Buleki. A Nesi sanavote, komanso sanaulule kanthu. Kwa tsiku lathunthu, a Buleki akangotsegula foni, timilomo titatu tija tinkawayasamira pakona. Lachisanu analemba okha pagulu zonse zimene anachita, nthambi zisanu, zitsa zofufutidwa, khwangwala. Za akazi awo sanalembe. Anthu makumi anayi anawerenga, ndipo palibe anayankha. Ngakhale Wamagetsi anasowa nthabwala. Pofika madzulo wina anali atachotsa chithunzicho mwakachetechete n'kubwezerapo cha kakowa cha mwezi watha.

Patatha sabata ndi theka a Nesi anatumiza chithunzi chawo: ana awiri a pumbwa a kuseri kwa nyumba yawo, atakhala poyera pa chingwe choyanikira zovala, michira yaifupi, nkhope zokwiya ngati anthu odzutsidwa kutulo. Panalibe nthambi yotchinga, panalibe chofufutidwa. Pansi pake analemba mawu awiri okha: "Atuluka lero."

A Buleki anachiona ali m'galimoto, akudikira kuti wophunzira amange lamba. Anawerenga masiku pa zala, napeza kuti aja a mumtengo wa mandimu bwenzi atauluka kale, ndipo bwenzi munthu wina atayenda kuchokera pazenera mpaka pamtengo. Wophunzirayo anaponda mafuta mopitirira, galimoto inalumpha.

"Buleki," anatero. Koma mawuwo anatuluka motsika kwambiri moti wophunzirayo anachita kufunsa kuti mwati chiyani.

Mtengo wa mandimu unaphukanso masamba, chifukwa mitengo siisunga mangawa. Apumbwa sanabwererenso. Kamera ili pamwamba pa makina osokera, pakati pa mabotolo a mankhwala, ndipo ndodo yatsamiranso khoma. Chimene a Buleki ankachifuna chinali m'njira chikubwera chokha, chaulere, ndi mapiko ake omwe. Chinkangofuna masiku khumi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.