Kumanzere kwa Lekeleni

Munsi unali utamutulutsa kale matuza m'manja, koma Fanesi sanaleke kusinja. Uwu unali mtondo wachisanu ndi chiwiri. Kuseri kwa nyumba migolo ya thobwa inkadikira madzi, nkhuni zinali zisanawazidwe, ndipo dzuwa linali litapendeka. Mawa lake unali ukwati wa mng'ono wake, Lekeleni.

Izi zinachitika kale ndithu, pa mudzi wina wa m'mapiri a Thyolo, kumene mvula imagwa osayamba yaodira. Pa nyumba imeneyo ntchito yonse yolemera inkathera pa Fanesi. Bambo awo, amene ankakonza njinga ndi maambulera pa msika, atamwalira anasiya bokosi la zipangizo: nyundo, tupa, pulayala ndi kachidutswa ka njanji kosulirapo. Mwana wamwamuna panalibe, ndiye Fanesi analisenza bokosilo n'kukakhala pa malo a bambo akewo. Anthu anaseka mwezi umodzi. Mvula itayamba anasiya kuseka, anayamba kubweretsa maambulera.

Ali mkati mosinja, Lekeleni anatulukira atanyamula ambulera yofiira imene Layisoni, mwamuna womukwatirayo, anamugulira m'tauni. Inali yopinda, yaifupi ngati chitsononkho cha chimanga, ndipo ukangodina batani inkadzitambasula yokha.

"Achemwali, taimani kaye."

"Ndiime? Alendo ako mawa adzadya kuimako?"

"Ambulera ija yayamba misala. Ndangoiika pa mphasa, yatseguka yokha. Nkhuku zonse balala!"

Fanesi anapukuta manja pa chitenje n'kuilandira. Ambulera zoterezi zimakhala ndi sipuling'i yamphamvu mkati mwa ndodo yake, ndipo chimene chimaigwira kuti isafwamphuke ndi kambedza kachitsulo, kochepa ngati njere ya mpunga. Kambedzako kanali katadyeka. Fanesi anadziwa pomwepo chofunika kuchita: kupita ku msika, kudula sipoko ya njinga, kuipala ndi tupa mpaka itakhala kambedza katsopano. Ntchito ya theka la tsiku.

Anayang'ana mtondo. Anayang'ana nkhuni. Kenako anasolola linya m'thumba, anakulunga ambulerayo katatu n'kumanga mfundo.

"Basi. Ikhala phee mpaka mawa. Ukwati ukatha ndidzaikonza bwinobwino."

"Simungaikonze lero?"

"Iwe, manja ndili nawo awiri okha. Ukufuna ambulera? Landira munsiwu."

Lekeleni anaseka, anamutsina mkulu wakeyo pa mkono n'kuthawa. Awiriwa anakulira pa mphasa imodzi. Ankalukana tsitsi Loweruka lililonse, ndipo Lekeleni ndiye yekha pa dziko amene ankatha kumuseketsa Fanesi ali pa ntchito.

Kumeneko mkwatibwi sayenda pa mtetete. Akatuluka m'tchalitchi amamufunditsa ambulera mpaka kunyumba, kaya kuli dzuwa kaya mvula, ndipo woigwira amakhala m'bale wake wapamtima. Tsikulo akwati atangoponda panja, kunayamba kuwaza. Amayi anali kululuta, ng'oma zikulira, ndipo Fanesi anali kulimbana ndi mfundo ija. Linya linali litanyowa, mfundo yagwira gwa.

"Fulumirani, amayi! Diresi likunyowa!" anthu anakuwa.

"Bweretsani, achemwali, zikhadabo zanga ndi zazitali," anatero Lekeleni, akuwerama ndi kumwetulira.

Linya linaduka. Ambulera inafwamphuka, pha! Nsonga yake inapeza diso lakumanzere la mkwatibwi.

Ng'oma zinaleka. Fanesi anaona magazi pa diresi loyera, ndipo miyendo yake, imene sinathawepo ntchito iliyonse, tsiku limenelo inathawa. Anakabisala m'munda wa nthochi mpaka galimoto yotenga mng'ono wake itapita.

Lekeleni anagona m'chipatala milungu itatu. Diso silinapulumuke. Amene ankamudikirira anali mayi awo ndi azakhali a Layisoni. Fanesi ankaphika chakudya, kuchapa nsalu, kumanga zonse m'dengu, koma dengulo ankangolifikitsa pa siteji ya basi, kumene mayi ake ankalilandira.

"Mukamuuze kuti pepani," ankatero.

"Ukamuuze wekha," mayi ake ankayankha. "Pakamwa uli napo."

"Ndikamuyang'ana bwanji, amayi? Ndipita ndi chiyani m'manja?"

Lekeleni atatuluka m'chipatala, Layisoni anamutenga mkazi wakeyo kupita naye ku chigwa cha Shire, kumene ankadula nzimbe. Lekeleni anachoka osatsanzikana ndi mkulu wake.

Fanesi sankadziwa kulemba. Pafupi ndi malo ake pa msika pankakhala mkulu wina wokhoma zidebe, dzina lake Yotamu, ndipo ndiye ankamulembera makalata.

"Lero tilembe chiyani, mayi wa maambulera?"

"Lembani kuti pepani."

"Chaka chatha tinalemba zomwezo. Cholembera changa chawaloweza mawu amenewa, chikhoza kulemba chokha ine ndikukhoma ndowa."

"Lembani, bambo inu, nthawi ikutha."

Makalata ankapita. Yankho silinabwere. Loweruka likafika, Fanesi ankafunda duku, chifukwa sankalola munthu wina kumugwira tsitsi. Basi yochokera ku chigwa ikaima pa msika, ankadzutsa mutu n'kuwerenga otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, kenako n'kubwerera ku tupa yake.

Ambulera yofiira ija anaisunga m'bokosi. Tsiku lina anaitulutsa, anaimasula yonse n'kuyala tizitsulo take pa chiguduli. Kusula kambedza katsopano kunali kosavuta. Koma kambedza kalikonse kamadyeka, ndipo batani likhoza kudinidwa ndi chigongono, ndi mwana, ngakhale ndi katundu wa m'chikwama. Iye ankafuna loko woti ambulera isatseguke pokhapokha mwini wake atafunadi. Mumtima anati: ndikadzamupeza loko ameneyu, ndidzakhala ndi chopita nacho kwa Lekeleni.

Anayamba ndi kamsomali kolowetsa pa bowo, komangirira ku ulusi. Kankagwira bwino, koma pasanathe mlungu anthu ankabwera atakataya. Anayesa kuvundikira batani ndi chitsekerero cha botolo. Chinkagwa. Anasula kambedza kena kolimba zedi, ndipo gogo wina anabwera atanyowa chonyowa, ambulera ili chitsekere m'manja.

"Mwana iwe, wandikonzera ambulera kapena chibonga? Ndalimbana nayo kuchokera ku chigayo!"

Poyesa, Fanesi ankagula papaya, kuliika pa chitsa, kulozetsa nsonga ya ambulera pa papayalo, kenako n'kuigwedeza, kuimenya, kuigwetsa. Mapapaya ambiri anabooka. Yotamu ankadya obookawo.

"Musafulumire kumupeza loko wanuyo," ankatero akunyambita zala. "Thanzi langa lili pamenepa."

Fanesi sankaseka. Bowo lililonse pa papaya ankaliyang'ana nthawi yaitali.

Zaka zinapita, zala zake zinachita zikang'a. M'chaka chachisanu ndi chinayi, akutsekula pampu yakutha ya njinga, anaona mmene chivundikiro chake chimapotokera. Anadula kamphete pa chitsulo cha pampuyo, anakasema mpata umodzi n'kukaveka pansi pa batani. Kamphete kakakhala malo ake, kankatchinga batani ndiponso kugwira ndodo, mwakuti ngakhale kambedza kadyeke, sipuling'i inalibe kothawira. Kuti utsegule unkayenera kupotoza kampheteko ndi dzanja lina, n'kudina ndi linalo. Ndipo manja onse awiri akakhala pa chogwirira, nsonga imaloza kutali ndi nkhope.

Anaigwetsa kakhumi. Anaiponda. Anachotseratu kambedza n'kuimenyetsa pa njanji. Papaya linali bwinobwino. Anaitana gogo uja, ndipo gogoyo anaitsegula kamodzi n'kamodzi.

"Njala yandipeza," anatero Yotamu. Koma anavula chipewa.

M'mawa mwake Fanesi anakwera basi yotsikira ku chigwa, ambulera yofiira ili pa miyendo. Njira yonse ankayeseza mawu oti akanene.

Anafika dzuwa lili pamutu, kukutentha ngati m'ng'anjo. Anamupeza Lekeleni pa khonde akupeta mapira. Anali atanenepa pang'ono, ndipo chikope chakumanzere chinali chotsekeka, cholowa mkati. Anatembenuza mutu wonse kuti amuone mlendoyo ndi diso lakumanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwakalamba, achemwali."

Fanesi anagwada pa dothi. Mawu onse a m'basi aja anabalalika, panatsala amodzi omwe aja.

"Pepani, mng'ono wanga. Pepani. Taona, ndaikonza. Siidzavulazanso munthu."

Anamuonetsa kamphete. Lekeleni anaika lichero pansi, anapotoza, anadina. Ambulera inatambasuka bwinobwino, kufiira kwake kuli kozilala. Anaitseka, anaigwedeza, anaimenya pa chipilala. Inangoti phee.

"Ntchito yabwino," anatero. "Manja a abambo amenewa. Ana a eni apulumuka." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpukutu wa makalata womanga ndi chingwe. "Awa ndi anu. Ndinawasunga onse. Bambo a kuno ankandiwerengera, mpaka ndinawauza kuti asamavutike, ndikudziwa zimene zalembedwamo."

"Unakwiya nane. Unayenera."

"Za diso? Za diso ndinakwiya mwezi umodzi. Linya lija ndinaliona ndi maso anga awiri, ndipo ndinawerama ndekha." Anakhala pansi pafupi naye. "Koma m'chipatala muja, achemwali, akamabwera kudzatsuka chilonda, ndinkaluma nsalu n'kumamvetsera ku chitseko. Mapazi anu ndimawadziwa, mumayenda ngati mukuthamangitsa mbuzi. Milungu itatu ndinamvetsera. Kunkabwera dengu. Kunkabwera pepani. Ndinaphunzira ndekha kuthira madzi m'kapu osataya. Ndinabereka ana atatu, wondigwira dzanja ali mlendo. Pepani wanu ndinkamumva, koma pepani sapoletsa chilonda. Ine ndinkafuna inu."

Fanesi analira monga sanalirepo chimwalirire bambo ake. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akusula chinthu choti apite nacho, pamene mng'ono wake ankangofuna manja opanda kanthu.

Lekeleni anamusiya alire. Kenako anadzuka, anamanga chitenje n'kusenza dengu la mapira.

"Ndikupita ku chigayo. Msewu wa kuno ndi wa njinga zambiri, ndipo zikachokera mbali iyi sindiziona. Zandigundapo kawiri." Anamupatsa ambulera ija. "Ngati mwabwera, bwerani. Muyende kumanzere kuno. Mundifunditse, dzuwa la kuno si la kwathu."

Fanesi anapotoza kamphete, anadina, n'kuimirira kumanzere kwa mng'ono wake. Ulendo umene unayenera kuyambira pa khomo la tchalitchi unayambira pamenepo.

Ku Thyolo anabwererako kamodzi kokha, kukatenga mayi ake ndi bokosi la zipangizo. Kasulidwe ka kamphete anamuphunzitsa Yotamu, Yotamu anaphunzitsa ena, ndipo amati m'misika ya kumeneko simunamvekenso za munthu wolasidwa ndi ambulera. Amayi a nyumba zoyandikana amene anamva mawu a Lekeleni pa khonde paja anakawanena ku chigayo, a ku chigayo anakawanena kwawo, mpaka lero tonse timati: pepani sapoletsa chilonda.

Tsono ana inu, mvetsani bwino, musakanene kuti ndakuletsani kupepesa. Pepani ndi mawu abwino, ndipo wosawanena ndi wamwano. Koma mawu satsuka bala, samanga nsalu, sagwira munthu dzanja. Mwambiwu ukutiuza ziwiri. Choyamba, samala usanapweteke mnzako, chifukwa zina zikawonongeka sizibwerera, ngakhale upepese mpaka lilime liume. Chinthu chikafuna theka la tsiku, chipatse theka la tsikulo, usachimange ndi linya. Chachiwiri, ukalakwa usatumize mawu iwe n'kubisala mu nthochi. Pita wekha, manyazi ali pankhope, ukakhale pamene pali chilondapo.

Fanesi anakhala ku chigwa mpaka imvi. Ku chigayo, ku tchalitchi, ku maliro, anthu ankawaona awiriwo pansi pa ambulera yofiira yozilala, ndipo njinga sinamugundenso Lekeleni. Loweruka ankalukananso tsitsi. Koma pa msewu, Fanesi akanena kanthu koseketsa n'kucheuka kuti akumane maso ndi mng'ono wake monga kale, chimene ankakumana nacho chinali chikope chotsekeka chija. Malo ake anali amenewo, mbali imene Lekeleni sankaona, ndipo anayenda kumeneko zaka makumi awiri ndi zitatu.