Nsomba Zogona M'nyumba ya Malata

Pa tauni ina ya m'mbali mwa njanji panali munthu wina wokhoma zidebe. Anali masiku aja pulasitiki asanadzaze misika, pamene ndowa imodzi inkatumikira mayi, mwana wake n'kudzapita nayo ku banja. Amisiri otero akusowa tsopano. Mungayende kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, muwapeza owerengeka. Ndowa za munthuyu sizinkadontha ndipo sizinkachita dzimbiri, chifukwa ankagula malata enieni, okutidwa ndi chitsulo chotuwa chija amati zinki.

Mwana wake wamkazi, Nasibeko, anali ndi saluni yokonzera tsitsi pafupi ndi siteshoni. Anagula thanki yagalasi, naikamo tinsomba tofiira ndi tachikasu, ndi nkhono zingapo zoti zizidya ndere. Ankatikonda tinsombato kwambiri. M'mawa, asanagwire tsache, ankayamba watipatsa moni.

Bambo ake atabwera kudzaona, anaima pa thankipo nthawi yaitali.

"Zimagona pati zimenezi?"

"M'madzi momwemo, bambo."

"Pamtetete? Kwathu kulibe chogona pamtetete. Ngakhale nkhuku zanga zili pansi pa malata."

Anapita, nasankha lata labwino koposa, nakhoma kanyumba. Anaikapo makomo atatu, khonde, ndi denga la mizeremizere. Misoko yake munthu sakanaiona. Anakamiza yekha m'thanki muja, ndipo kanawala ngati ndalama yatsopano.

Amayi odzakonzetsa tsitsi anaseka mpaka misozi. "Iwe Nasibeko, nsomba zako zakhala mabwana! Ife tikudonthedwa m'nyumba zaudzu, izi zili pa malata?" Mbiri inamveka tauni yonse. Mmisiri uja ankadutsa pa salunipo tsiku ndi tsiku, nthawi zina ali ndi anzake oti awaonetse.

Zinayamba kufa ndi nkhono. Kenaka tinsomba tinaleka kudya. Tinkakwera pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa, ngati munthu wothamangitsidwa. Nasibeko anasintha madzi, anachepetsa chakudya, koma sizinathandize. Mumtima mwake ankadziwa kuti vutoli linabwera ndi kanyumba. Nanga mwana angawauze bwanji bambo ake kuti mphatso yawo ikupha? Ankangovuula takufato m'mamawa n'kukataya bambo asanafike.

Tsiku lina mmisiri analawirira, ali ndi amisiri anzake awiri. Anapeza mwana wake ataima, kansomba kofiira kali m'dzanja, kouma gwa. M'thankimo munatsala towerengeka.

Anawerama nayang'ana ntchito yake. Denga lija linali litazilala, ndipo m'mizere mwake munali tiufa toyera. Ufa umenewo ankaudziwa. Iye yemwe ankawaletsa amayi kusungira thobwa m'ndowa yamalata, chifukwa chowawasa chimadya zinki, munthu n'kumwera kumodzi. Mvula imagwa pa denga n'kupita. Koma muno madzi anali omwewo usana ndi usiku, ndipo nsomba sizimwa madzi kamodzi ngati munthu, zimapumiramo.

"Zinayamba liti, mwana wanga?"

Nasibeko anayang'ana pansi. "Kanyumba katalowa, bambo."

Sanavule n'komwe jekete. Anapisa mkono m'madzi mpaka paphewa, navuula kanyumba kaja, nakaika pakhomo, nakaponda ndi chidendene. Kanaphwanyika anthu onse akuona.

"Achimwene!" anafuula mnzake wina. "Ntchito yokongola chonchi? Mukanangokapaka penti!"

"Penti amakakatuka," anayankha. "M'madzi a nsomba musalowe chitsulo changa, ngakhale msomali umodzi."

Anamuthandiza mwana wake kusintha madzi. Anatola mphika wadothi wosweka ndi miyala ya kumtsinje, nazitsuka bwinobwino, naziika pamene panali kanyumba. Mayi wina, tsitsi lili theka kulukidwa, anati, "Ndiye mabwana aja mwawachotsa ntchito?"

"Bola akhale amphawi amoyo," anatero mmisiri.

Anabwerera kwawo kudzera pakati pa msika, mkono wa jekete ukudontha madzi, mutu uli m'mwamba. Tinsomba totsala tija tinayambanso kudya. Patapita miyezi, m'mphika wosweka muja munatuluka tiana tating'ono ngati nsidze. Kuyambira pamenepo, munthu akabwera kuti amukhomere chosungiramo nsomba, kapena sefa yamalata yoika m'madzi mwake, ankamukana poyera n'kumuuza chifukwa chake. Amisiri ena a pamsikawo anatengera. Pa ndowa zonse zimene anakhoma munthu ameneyu, anthu a tauniyo amamutchula ndi ulemu chifukwa cha chinthu chimodzi chimene anaphwanya.

Tsono inu amene mukumva, aliyense ali ndi luso lake limene amanyadira, ndipo kunyadira ntchito yabwino si tchimo. Koma chitsulo chimene chimadziteteza ku dzimbiri chimatero pokhetsera ufa wake m'madzi a ena. Pali ana, pali akazi ndi amuna anu, pali antchito anu, amene akukhala mkati mwa zimene munawakonzera, ndipo ulemu wawatseka pakamwa. Musadikire kuti akuuzeni. Weramani muone ngati akupuma bwino. Mukapeza kuti chowatsamwitsa ndi ntchito ya manja anu, pisani mkono nokha, anzanu akuona.